Kabakuli ka chidindo cha Qianlong kalowa m'kabati

Mwezi uno ndapeza ziwiri pa okishoni ina yaing'ono kuno ku UK: mbale yadothi ya ku China ya mtundu wa Rose Medallion ndi kabakuli ka maluwa apinki.

Mbaleyo siinandivute. Kunsi kwake kwalembedwa CHINA ndi utoto wofiira, mawu amene anayamba kuikidwa cha mu 1891, America italamula kuti katundu wolowa m'dzikolo azionetsa kumene wachokera. Mbale zotere ankaziumba ndi kuziotcha mumzinda wa Jingdezhen ku China, n'kupita nazo mumzinda wa Canton zili zoyera kuti akajambuleko anthu, mbalame ndi agulugufe. Yangayi golide wake watha m'mbali, zikuoneka kuti inkadyeredwadi.

Kabakuli ndiye kandichedwetsa kugona. Kali ndi chidindo cha mfumu Qianlong, amene analamulira China kuyambira 1736 mpaka 1795, koma chidindo pachokha sichinena zoona. Oumba amene anabwera pambuyo pake ankalemba maina a mafumu akale, ena polemekeza luso la makolo, ena pofuna kukweza mtengo. Choncho ine ndimakhulupirira chala changa ndi galasi lokulitsira zinthu.

Utoto wa enameli amaupaka mbale itaotchedwa kale pa moto wa madigiri pafupifupi 1,300, kenako amaibwezera mu uvuni pa moto wocheperako, cha m'ma 800. N'chifukwa chake ukasisita duwa umamva kuti latundumuka pang'ono. Pinki ameneyu amachokera ku golide weniweni, ndipo pa zabwino za m'ma 1700 amamusakaniza ndi enameli woyera, moti duwa limayamba lakuda kunsonga n'kumayera mwapang'onopang'ono osaoneka polekezera. Pa kabakuli kanga pinki wangoti phwa, mtundu umodzi, mizere yakuda ndi yonenepa ngati wojambula ankathamangira kuweruka. M'kope mwanga ndalemba kuti n'ka nthawi ya mfumu Guangxu (1875-1908), mwinanso pambuyo pake. Wodziwa bwino anditsutse, ndidzamvera.

Kali ndi mng'alu womwe wina anausoka kalekale ndi timawaya tachitsulo tolowetsedwa m'timabowo. Ogula ambiri amathawa zotere, n'chifukwa mtengo unatsika, koma ine sindichotsa n'kamodzi komwe.

Zonse ndazitsuka ndi madzi ofunda, nditayala thaulo pansi m'beseni. Ndalama yotsala ndikusungira mbale ya famille verte (yochuluka utoto wobiriwira) ya nthawi ya mfumu Kangxi, ngakhale yobenthuka, bola ikhale yeniyeni.