Ku St Ives, kumene nyanja inalowa m'zojambula

Sitima yochokera pa London Paddington imayenda pafupifupi maola asanu isanafike pa St Erth. Pamenepo mumatsika n'kukwera kasitima kena kopita ku St Ives, ndipo mukadzapita mudzakhale kudzanja lamanja. Kanjanji kameneka kanatsegulidwa mu 1877, ulendo wake sukwana mphindi 15, koma mukangodutsa pa Lelant nyanja ya Atlantic imabwera pawindo penipeni: mchenga uli mbee, madzi obiriwira chakugombe, kutsogoloko abuluu woderako.

Chinanditengera kutali konseko ndi zojambula. St Ives ili ku Cornwall, kumathero kwa England chakumwera cha kumadzulo, ndipo kale inkadalira usodzi wa nsomba za pilchard. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili pafupi kuyamba mu 1939, wosema Barbara Hepworth ndi mwamuna wake, wojambula Ben Nicholson, anachoka ku London n'kudzakhala ku Carbis Bay, pafupi pomwepa. Naum Gabo, wosema wobadwira ku Russia, anawatsatira. Kuyambira pamenepo katauni ka asodzika kanatchuka ndi zojambula za abstract, zija zomwe simuonamo nkhope ya munthu kapena nyumba, koma mizere, mitundu ndi maonekedwe basi.

Anzanga, musakathamangire m'nyumba ya zojambula. Mukayambe ndi doko. Ife amene tinakulira pafupi ndi Nyanja ya Malawi timadziwa madzi okwera nyengo ya mvula ikapita n'kumatsika pang'onopang'ono m'chilimwe. Kuno mwezi umakoka nyanja, ndipo madzi amapita n'kubwera kawiri patsiku. M'mawa ndinapeza doko louma, maboti atagona chammbali pamchenga, zingwe zawo zitayala pansi, ana akuthamanga pakati pake. Patadutsa maola ngati sikisi, malo omwewo anali odzaza thoo, maboti aja akugwedera, lina kupendekera uku, lina uko, zingwe zikukungika n'kumasuka. Terry Frost, yemwe anayamba kujambula ali mkaidi wa nkhondo ku Germany, ankayenda padoko lomweli. Chojambula chake cha mu 1951, Green, Black and White Movement, chili ndi timagawo tokhota ngati mwezi wongooneka kumene ndi mizere yopendekera. Boti simuliona, koma kugwedera kuja kuli momwemo. Amene waima padoko madzi akubwera amakuzindikira msanga.

Kuseri kwa tauni kuli gombe la Porthmeor. Madzi akaphwa, pamiyala pamatsala nkhono zosawerengeka. Zina, zomwe eni ake amati limpet, zili ngati kachipewa kosongoka ndipo zimamatira mwala moti chala sichingazisunthe. Ndinatola chigoba chimodzi cha mussel chopanda kanthu mkati. Kunja n'chakuda mosakanikirana ndi buluu, ndipo mukachiyang'anitsitsa chili ndi mizere yopyapyala yotsatizana kuchokera kunsonga mpaka kukamwa, chifukwa nkhono imakulitsa nyumba yake poonjezera mzere watsopano m'mphepete. Mkati mwake n'moyera monyezimira, mwina ndi mwina mwapepo, ndipo mtunduwo umasintha mukachitembenuza padzuwa. Chisendezeni pafupi ndi diso mpaka m'mphepete mwake musamaonekenso: nkhono ija yapita, chatsala ndi mizere ndi kuwala. Ojambula a kuno ankayambira pamenepa. Sankathawa chinthu chenicheni, ankachiyandikira kwambiri.

Tate St Ives, nyumba yoonetsera zojambula, ili moyang'anizana ndi gombe lomweli. Inatsegulidwa mu 1993 pamalo pomwe kale panali fakitale ya gasi, n'chifukwa chake khomo lake analimanga lozungulira ngati thanki ya gasiyo. Mukaima pakhomopo, mkokomo wa mafunde umazungulira m'makoma, mumaumva kumbuyo kwanu chonsecho nyanja ili kutsogolo. Mukalowa mumakumana ndi windo lalikulu la galasi lamitundu lomwe anakonza Patrick Heron, lapinki, lapepo ndi labuluu, lopanda mizere ya mtovu ija timaiona m'mawindo a matchalitchi. Zina zonse m'zipindamo amazisinthasintha, ndiye ngati pali chojambula chimene mukuchifuna kwambiri, mukaone kaye pa intaneti ngati chilipo.

Za Nicholson ndinadutsa msanga. N'zaudongo, zoyezedwa bwino, koma kwa ine sizinunkha mchere. Amene anandigwira mtima ndi Peter Lanyon, mwana wa m'tauni momwemu, wobadwa mu 1918. Porthleven, chojambula chake cha mu 1951, n'chachitali kuposa munthu, chodzaza ndi penti wotuwa, wobiriwira ndi woyera, ndi mizere yakuda yokhuthala. Ndi doko la asodzi la kugombe lakumwera kwa Cornwall, koma sanalijambule ataima malo amodzi. Analiona ali pamwamba, ali pansi, ali chammbali, zonsezo n'kuziunjika pachojambula chimodzi, monga momwe munthu amadziwira kwawo: osati ndi diso lokha, komanso ndi miyendo imene yakwera ndi kutsetsereka m'tinjira take. Mwini wake ankati ndi wojambula malo. Mu 1959 anayamba kuuluka pa ndege zopanda injini pofuna kudziwa momwe mphepo imakwerera ikawomba pa maphompho a kugombe, ndipo Thermal, cha mu 1960, chinachokera kumeneko. Anamwalira mu 1964 atachita ngozi pa ndege yotereyi, ali ndi zaka 46. Zimandipweteka ndikaganiza zomwe akanajambula.

Wilhelmina Barns-Graham, mayi wa ku Scotland amene anafika kuno mu 1940, ali ndi zojambula za mafunde zomwe ndi mizere yokhayokha, yoyenda motsatizana, kenako kupindika pamodzi, kenako kumasukanso. Nditaziona ndinatulutsa chigoba chija m'thumba. Mizere yake imayenda chimodzimodzi.

Kuchoka pa Tate, mumakwera timisewu topanikizana kukafika ku Trewyn Studio, komwe Hepworth ankakhala ndi kugwira ntchito kuyambira mu 1949 mpaka pomwe anafa pa ngozi ya moto mu 1975. Zipangizo zake zosemera zikadali pomwe anazisiya, ndipo m'munda muli zosema zikuluzikulu zobooka pakati, zoti mukasuzumira paboowo mumaona masamba kapena mtambo. Iye anali wosema, koma nkhani ya nkhono singathe osatchula Pelagos, chosema chake cha mu 1946. Ndi mtengo wa elm wobulungira, wogobedwa mkati mopiringizika ngati chigoba, mkatimo wopakidwa buluu wotumbuluka, ndipo pakati padutsa zingwe zokungika. Anachisema poona momwe mtunda umakumbatira nyanja mbali zonse ziwiri pa St Ives. N'chaching'ono choti mungachinyamule m'manja, koma muli funde, muli nkhono, muli gombe lonse.

Pamwamba pa Tate pali manda a Barnoon, ndipo ndikupemphani kuti mukakwereko. Kumeneko kwagona Alfred Wallis, yemwe anagwirapo ntchito panyanja n'kumagulitsa zipangizo zakale za maboti. Anayamba kujambula atapitirira zaka 60, mkazi wake atamwalira, kuti asamasungulumwe. Ankajambula pa zidutswa za makatoni ndi penti wa maboti, chombo chimene chinali chofunika kwa iye n'kuchikulitsa kuposa doko. Mu 1928 Nicholson ndi wojambula mnzake Christopher Wood anaona zithunzi zake pakhomo lotsegula ku Back Road West, ndipo zinasintha kajambulidwe kawo. Iwo anatchuka, mkuluyu anafera m'nyumba yosungira osauka ku Madron mu 1942. Manda ake anakutidwa ndi matailosi omwe anaumba Bernard Leach, ndipo pali chithunzi cha kamunthu kakulowa m'nsanja ya nyali yolondolera sitima.

Potsika ndinadzera pa Porthmeor Studios, nyumba yakale yomwe ili pagombe penipeni, mu msewu womwe Wallis ankakhala. Nicholson, Heron, Frost ndi Barns-Graham onse anagwirapo ntchito m'zipinda zake zam'mwamba, ndipo ojambula ena akugwiriramo ntchito mpaka lero. Zipinda zapansi anamangira ntchito ya nsomba za pilchard, ndipo asodzi a ku St Ives akadasungiramo ndi kusokeramo maukonde awo.