Chikwangwani cha dzina cha pachitseko: kudula EVA ndi kusankha guluu

Mukalowa m'papelariya (sitolo ya mapepala ndi zolembera) ku Ulónguè, ku Moatize kapena mumzinda wa Tete, funsani EVA. Ndi mapepala ofewa ngati mphira, amitundumitundu, ena onyezimira. Lalikulu limakhala pafupifupi masentimita 40 m'lifupi ndi 60 m'litali, kuchindikala kwake mamilimita 2. Pa chikwangwani chimodzi cha dzina la mwana, choika pachitseko cha kuchipinda kapena pakabati ya kusukulu yogonera komweko, mitundu itatu yakwana: wa pansi, wa zilembo ndi wa maluwa.

Dulani chapansi masentimita 30 ndi 12, ndipo kumbuyo kwake mumate katoni yochepako sentimita imodzi mbali zonse. Popanda katoni, EVA imapindika yokha pakapita masiku. Dzina lalitali ngati Chikondi, la zilembo 8, lifuna masentimita 40 kuti zilembo zisathinane.

Zilembo zijambuleni kaye papepala wamba, zotalika masentimita 6, ndipo muzidule. Kenako tembenuzani chilembo chilichonse chafufumimba, muchiike kumbuyo kwa EVA ndi kulemba m'mbali mwake ndi kamtengo kotokosera m'mano. Bolopeni ayi, inki yake imafalikira m'zala n'kudetsa ntchito yonse. Mukaiwala kutembenuza, N ndi K zidzatuluka zoyang'ana kumbuyo. Podula, sizasi ikhale yakuthwa, muzidula motalika, mukutembenuza pepalalo osati dzanja. Kudula pang'onopang'ono ndi nsonga ya sizasi kumasiya mano m'mphepete.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa guluu. Guluu woyera wa mapepala, amene m'sitolo amati kola branka, sagwira bwino chifukwa EVA siyamwa madzi. Amauma mochedwa, ndipo zilembo zimayamba kugwa chimodzichimodzi. Guluu wotentha wa m'kamfuti amagwira msanga, ndipo ndi wabwino pa maluwa ndi tizidutswa tating'ono, koma amafewa akatenthedwa. Kuno kumunsi kwa Zambezi, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo chitseko chachitsulo choombedwa ndi dzuwa chimatentha kuposa pamenepo. Ku Angónia ndi ku Tsangano, kumene kumazizira, vutoli ndi lochepa. Kwa ine, wodalirika ndi guluu wachikasu uja amamatira nsapato. Pakani pang'ono kwambiri mbali zonse ziwiri, dikirani mphindi 5 mpaka 10 kufikira ataleka kumata chala, kenako phatikizani n'kudinikiza. Yesani malo a zilembo musanapake, chifukwa zikangokhudzana sizisunthikanso. Fungo lake ndi loipa m'chifuwa, choncho ntchito imeneyi ndi ya wamkulu, pakhonde pomwe pali mphepo, ana akhale akudula zawo patali.

Pa EVA yonyezimira musamate kanthu pamwamba pa zonyezimirazo musanazipale ndi mpeni pamalopo, apo ayi guluu agwira fumbi lonyezimiralo lokha.

Maluwa ndiwo amakometsa. Dulani timasamba tisanu ta masentimita 4, mugunditse kalikonse pansi pa simbi yotentha pang'ono kwa masekondi 3 kapena 4. Kamadzipinda kokha n'kugwa. Kadakali kotentha, kadinikizeni ndi chala m'kati mwa supuni mpaka kazizire, ndipo kadzakhala choncho mpaka kale. Simbi yamakala imagwiranso ntchito, koma idikireni izizireko, chifukwa ikapsa kwambiri EVA imafota ndi kumatirira. Mizere ya masamba ndi maso a tinyama lembani ndi maka (cholembera cha inki) yosafufutika, ndipo muisiye iume musanaigwire. Penti wa madzi wa ana asukulu amasuwuka akauma.

Popachika, boolani mabowo awiri pamwamba, sentimita imodzi ndi theka kuchoka m'mphepete, odutsa EVA ndi katoni yomwe, mulowetse riboni ndi kukoleka pamsomali. Pakabati yachitsulo matani timaginito tinayi m'makona a katoni. Tepi yomata mbali ziwiri imachotsa penti tsiku lochotsa, zomwe zingakuyambanitseni ndi eni nyumba kapena aphunzitsi. Ngati chitseko chimayang'ana dzuwa la masana, pachikani mbali ya m'kati, chifukwa mitundu yofiira ndi yapinki imafwifwa msanga. Fumbi pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono, osanyowetsa katoni ya kumbuyo.