Galimoto ikamazima yokha, funso loyamba ndi lakuti ikuzima bwanji

Pa zonse zimene ndaphunzira chiyambireni kugwira injini za magalimoto akale, nkhani imene yandikoka mtima kwambiri ndi ya galimoto yozima yokha. Mwini wake amangoti ikuzima, basi. Koma kuzima kuli mitundumitundu. Ina imazima ukangochotsa phazi pa moto poyandikira pamphambano. Ina imayenda bwinobwino ikadali yozizira, ikatentha n'kuzima kamodzi n'kamodzi, osaliranso mpaka itapola. Ina imayamba yatsamwa, kunjenjemera, kufooka pachitunda, kenako n'kufa pang'onopang'ono. Amenewa ndi matenda osiyana, ndipo amene atiphunzitsa salola munthu kugwira sipanala asanafunse mwini galimoto kuti imazima nthawi yanji, itatentha kapena ayi, ili chiimire kapena ikuthamanga.

Injini ya petulo imafuna mpweya, petulo, moto wa mapulagi wobwera pa nthawi yake, ndi compression, kutanthauza kupanikizika kwa mpweya m'masilinda. Kuti petulo apse bwino, pamafunika magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Pa galimoto ya mainjekita, tizipangizo topopera petulo mu injini, muyeso umenewu amausunga ndi kompyuta, koma kompyutayo siona chilichonse payokha. Imangokhulupirira zimene masensa akuiuza, n'kuwerengera kuti injekita itseguke kwa kanthawi kotalika bwanji. Sensa ikanama, petulo amalowa wolakwika ngakhale mainjekita ali bwinobwino. Zimandiwawa kuona munthu atagulitsidwa mainjekita atsopano pomwe vuto linali kapaipi kong'ambika, chifukwa pa zinthu zonse zimene zingazimitse galimoto, injekita si kawirikawiri kukhala ndiyo yolakwa.

Kuiyeza sikuvutanso. Injini ikulira, mumagunditsa nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa injekita, khutu n'kulitsamiritsa pa chigwiriro. Yamoyo imamveka kuti tiki tiki tiki, mosadumphadumpha, ndipo mukaponda moto kaphokosoko kamafulumira. Pa multimeter, chida choyezera magetsi, mainjekita ambiri a magalimoto amenewa amaonetsa ma ohm 12 mpaka 16, ngakhale ilipo mitundu ina ya ma ohm ochepa, 2 mpaka 5. Chachikulu n'chakuti onse afanane.

Kumene ndakhalitsa kwambiri ndi ku pulesha ya petulo. Mukatembenuza kiyi kufika pa ON osaliza injini, pa magalimoto ambiri pampu ya mu thanki imayenera kung'ung'udza kwa masekondi awiri kapena atatu n'kusiya. Ikakhala chete, yambani ndi fyuzi ndi relay musanatsitse thanki. Koma kulira kwa pampu si umboni woti ikukankha mokwanira. Pamafunika geji yoyezera pulesha. Magalimoto ambiri akale amene mainjekita ake amapopera m'manifodi, mapaipi olowetsa mpweya mu injini, amayendera pulesha ya pafupifupi ma bar 3, koma nambala yeniyeni muitenge m'buku la galimotoyo. Injini ikamalira chiimire, pulesha imatsika ndi pafupifupi theka la bar, chifukwa regulator, chipangizo chosunga muyeso wa pulesha ya petulo, ili ndi kapaipi ka vacuum kochokera ku manifodi. Mukakazula kapaipiko, muvi wa geji uyenera kukwera nthawi yomweyo. Tsiku limene ndinakazula n'kupeza kukamwa kwake kuli konyowa, kakununkha petulo, ndinamvetsa chifukwa chimene galimoto imene ndinkakonza inkafukira utsi wakuda n'kumazima: kachikopa ka m'kati mwa regulator kanali katabooka, petulo n'kumalowa mu injini kudzera njira ya mpweya, kompyuta osadziwa.

Geji imanenanso zina mukazimitsa injini. Pulesha iyenera kukhalabe kwa kanthawi ndithu. Ikagwa msanga, ndiye kuti pena pakudontha, kaya ndi injekita, kaya regulator, kaya kavavu ka mu pampu koletsa petulo kubwerera. Galimoto yotere imavuta kulira ikaima pang'ono itatentha. Ndipo pomasula paipi ya petulo, injini ikhale yozizira, pulesha muyambe mwaitsitsa, nsalu ili m'manja, moto uli kutali. Petulo wa ma bar 3 amathovoka mpaka m'maso.

Phunziro limene landisangalatsa kuposa onse ndi la fuel trim. Sensa ya okosijeni ya ku ekizozi imauza kompyuta ngati petulo wachepa kapena wachuluka, ndipo kompyuta imawonjezera kapena kuchepetsa. Makina oyezera amaonetsa kusinthako m'maperesenti. Nambala ikapitirira 10 peresenti ya kuwonjezera, injini ikusowa petulo, kapena ikumwa mpweya wosayezedwa. Tsono mungadziwe bwanji kuti ndi chiti? Muione injini ili chiimire, kenako muikweze kufika pa 2,500 RPM, ndiko kuzungulira ka 2,500 pa mphindi. Ikakhala chiimire, throttle, kachitseko kolowetsa mpweya mukaponda moto, imakhala yotseka ndipo mpweya wolowa ndi wochepa, choncho kampweya kolowera pamng'alu kamasokoneza muyeso wonse. Mukaponda moto, mpweya umachuluka, ka pamng'alu kaja n'kuchepa mphamvu, nambala n'kubwerera kufupi ndi ziro. Zikatero, funani pobooka. Zikakhala mosemphana, kuti chiimire zili bwino koma nambala ikukwera injini ikamalemedwa, ganizirani pampu yofooka, fyuluta yotsekeka, kapena litsiro pa sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini. Nambala ziwiri zokha, koma zakulekanitsirani njira ziwiri musanamasule bawuti ngakhale imodzi.

Mng'alu wotere umabisala. Chipaipi chakuda cha labala chimene chili pakati pa MAF ndi throttle body chimaoneka chabwino mukangochiyang'ana pamwamba. Muchipinde ndi manja, muone m'makwinya mwake chakunsi: mpamene chimayasama. Izi zimazimitsa kwambiri magalimoto a MAF. Pa galimoto ya sensa ya MAP, yoyeza pulesha ya mpweya m'manifodi, mpweya wolowera pambali nthawi zambiri umangokweza idling.

Yozima pochotsa phazi pa moto, kawirikawiri nkhani yake ndi yaifupi. Mwaye umadzaza mu throttle body ndi mu vavu ya IAC imene imalowetsa mpweya wa idling, kapena vavu ya EGR imakanirira yotseguka n'kumabwezera utsi mu injini pa nthawi yosayenera. Kutsuka kumathandiza.

Za makodi, manambala amene kompyuta imasunga ikaona vuto, ndinene pang'ono. OBD-II, njira yofanana yowerengera makodi ndi makina oyezera, inakhala lamulo ku America pa magalimoto a 1996 kupita m'tsogolo, ndipo ku Ulaya magalimoto a petulo anatsatira mu 2001. Akale kuposa apo ali ndi njira zawozawo. Pa ma Toyota ambiri akale, mukalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya m'kabokosi ka diagnosis, nyali ya check engine imaphethira, inu n'kumawerenga. Kodi 22 imaloza ku sensa ya kutentha kwa madzi. Koma kodi imangotchula dera, sitchula chipangizo chofunika kutaya. Waya woduka kapena pulagi yadzimbiri imabweretsa kodi yomweyo. Sensa ya madzi yabwino, pa mitundu yambiri, imaonetsa ma ohm pafupifupi 2,500 pa madigiri 20, n'kutsika kufika cha m'ma 300 pa madigiri 80. Ikamanama kuti injini ikadali yozizira, kompyuta imathira petulo wambiri mpaka injini yotentha n'kutsamwa.

Yovuta kuposa zonse ndi ija yozima mwadzidzidzi ikatentha, chifukwa ikafika pokonzera imakhala yapola, ikulira ngati ilibe mlandu. Apa okayikiridwa ndi sensa ya crankshaft youza kompyuta kuti injini ikuzungulira, koilo kapena igniter zopanga moto wa mapulagi, ndi relay ya pampu imene mtovu wake wa m'kati unachita ming'alu, womwe umalekana ukatentha. Njira yake ndi kuisiya ilire mpaka izime pamaso panu, zida zili pafupi, chifukwa mpata woyeza ndi wa mphindi zochepa. Ikangozima, tembenuzani kiyi mumvetsere pampu. Kenako lizani sitata mukuyang'ana muvi wa RPM ndi moto wa pulagi. Pampu ikakhala chete, pitani ku relay. Pampu ikalira koma muvi osagwedezeka, moto kulibe, mainjekita nawo ali zii, ndiye kuti kompyuta sikudziwa n'komwe kuti injini ikuzungulira, ndipo muyeze sensa ya crankshaft ndi mawaya ake isanapole.