Mtunda wa Kuntchito Umadziwika Pobwerera

Munthu akamva kuti ndimapita kuntchito pa njinga yakapalasa, funso lake loyamba limakhala lomwelomweli: "Ndi makilomita angati?" Ndikayankha kuti ndi 11, ena amagwira pakamwa ngati ndanena za ulendo wodutsa malire a dziko, pamene ena, makamaka aja amene amapalasa njinga Loweruka m'mawa atavala zovala zothina, amangoseka n'kunena kuti umenewo si mtunda. Onsewa amaiwala kuwirikiza kawiri. Makilomita 11 amenewa ndi opita okha, ndipo madzulo ndikaweruka ndimawapeza akundidikirira pachipata, osachepako ngakhale pang'ono. Pa tsiku amakwana 22, pa masiku asanu ogwira ntchito amakwana 110, ndipo pa chaka, ndikachotsa masabata a tchuthi ndi masiku amene ndadwala, amapitirira pang'ono 5,000.

Ndapalasa mtunda umenewu kwa zaka zinayi tsopano. Kumene ndimagwira ntchito tilipo anthu anayi obwera pa njinga, ndipo ndaphunzira zambiri pongowayang'ana anzanga atatuwo. Mayi ena a mu ofesi yowerengera ndalama amakhala makilomita 3 okha kuchokera kuntchito. Amabwera atavala kale zovala za mu ofesi, chikwama chili pa kaliyala, ndipo sindikumbukira tsiku limene anasiya njinga kunyumba, kaya kugwe mvula kaya kutenthe bwanji. Bambo ena achikulire amapalasa makilomita 7 pa njinga yolemera yopanda magiya, modekha, ndipo amafika nthawi imodzimodzi tsiku lililonse moti mlonda akawaona amadziwa kuti 7 koloko yatsala pang'ono kukwana. Wachitatu ndi mnyamata amene nyumba yake ili makilomita 24 kuchokera ku ofesi. Atangoyamba ankabwera tsiku ndi tsiku, n'kumationetsa pa foni liwiro limene wathamanga, koma pasanathe miyezi iwiri anayamba kudumphitsa masiku, ndipo lero njinga yake timaiona Lachiwiri ndi Lachisanu basi. Mwa tonsefe iyeyu ndiye mwini miyendo yamphamvu. Chinamulemera ndi nthawi: maola pafupifupi atatu pa chishalo tsiku lililonse, kunyamuka kusanache, kufika kunyumba kutada.

Nkhani ya nthawiyi inaganiziridwa kale ndi anthu ena ine ndisanayambe n'komwe kupalasa. Mu 1994, katswiri wa sayansi wa ku Italy dzina lake Cesare Marchetti analemba ganizo limene okonza mizinda amalitchulabe mpaka lero, potengera kafukufuku wa Yacov Zahavi wokhudza mmene anthu amayendera m'mizinda yosiyanasiyana. Ganizolo ndi lakuti anthu, kaya ndi akale kaya amakono, kaya ali pamudzi kaya mumzinda waukulu, amathera pafupifupi ola limodzi pa tsiku ali paulendo, theka popita, theka pobwera. Chimene chimasintha ndi kutalika kwa mtunda umene theka la olalo lingakwanitse. Woyenda pansi, amene amayenda makilomita 5 pa ola, amafika pa makilomita 2.5. Wa njinga amene akupalasa mosadzipanikiza, makilomita 15 pa ola, amafika pa 7.5. Ku Netherlands, dziko limene njinga n'zochuluka kuposa anthu, akamakamba za ulendo woyenera njinga wamba amakonda kutchula nambala yomweyi ya makilomita 7.5. Ndipo mtunda ukawirikizidwa katatu chonchi, dera limene munthu angafuneko ntchito kapena nyumba limakula kasanu n'kanayi, chifukwa limatambasukira mbali zonse.

Mukawerengera motero, bambo achikulire aja ali m'kati mwenimweni mwa ola la Marchetti, n'chifukwa chake sindinawamvepo akudandaula. Ine ndili kunja kwake. M'mawa ndimatha mphindi 40, madzulo mphindi 50, zonse pamodzi ola limodzi ndi theka, ndipo theka lowonjezeralo thupi langa limalidziwa bwino.

Kusiyana kwa mphindi 10 pakati pa m'mawa ndi madzulo, msewu uli womwewo, ndi kumene ndikufuna kukambapo kwambiri. Nyumba yanga ili pamalo okwera kuposa ofesi, choncho m'mawa ndimapeza mtsetse wautali umene ndimangotsetsereka mapazi ali phee pa mapedulo, ndipo madzulo mtsetse womwewo umasanduka chitunda chimene ndimakwera ndili wotopa kale ndi ntchito ya tsiku lonse. Anthu ambiri amaganiza kuti zimene chitunda chalanda, mtsetse umabweza. Masamu ake amakana. Tiyerekeze kuti munthu ali ndi makilomita 10 kupita ndi 10 kubwera. Pamalo athyathyathya, akamathamanga makilomita 20 pa ola, ulendo wonse umamutengera mphindi 60. Koma ngati mbali imodzi ndi yokwera moti akuyenda makilomita 10 pa ola, ndipo mbali inayo ndi yotsika moti akuthamanga 30, ndiye kuti chikweza chadya mphindi 60 chokha, mtsetse mphindi 20, zonse pamodzi 80. Mbali yovutayo imatenga nthawi yaitali, mbali yosangalatsayo imatha msangamsanga. Mphepo nayo imachita chimodzimodzi, ndipo yokhayo ili ndi khalidwe loipa lakuti nthawi zina imatembenuka masana, n'kukuwombani kumaso popita ndi pobwera pomwe.

Chaka choyamba ndinkayesa kufupikitsa ulendowu ndi liwiro. Ndinasiya nditamvetsa mmene mpweya umalimbanirana ndi munthu wa pa njinga. Mphamvu imene imafunika kuti muboole mpweya imakwera mofulumira kwambiri kuposa liwiro lenilenilo: kuchoka pa makilomita 20 kufika pa 25 pa ola, mphamvu yolimbana ndi mpweyayo imatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Pa makilomita anga 11, khama lonseli lingandipulumutsire mphindi 6 kapena 7, ndipo zimenezo n'zotheka pokhapokha msewu utakhala wopanda maloboti. Wanga uli ndi maloboti ambiri, ndipo kangapo konse ndadutsa munthu wopalasa modekha ine ndili wefuwefu, kenako iye n'kudzandipeza nditaima pa getsi lofiira, n'kundipatsa moni. Mphindi zochepa zimene ndinkapulumutsa zinkathera kuchipinda chosambira, ndikulimbana ndi thukuta.

Thukutali ndi gawo la mtunda limene silioneka pa mapu. Pansi pa makilomita 5, munthu akhoza kupalasa atavala zovala zake zantchito n'kukhala pa desiki ngati wabwera pa galimoto. Kupitirira makilomita 10, makamaka nyengo yotentha, pamafunika malaya ena m'chikwama, thaulo, ndi malo oti n'kudzipukuta kapena kusamba. Kumene ndinkagwira ntchito poyamba kunalibe malo otero, komanso kunalibe poimika njinga potetezeka, moti ndinkaimangirira kumpanda n'kumasuzumira pawindo tsiku lonse. Mtunda wa kumeneko unali makilomita 8 okha, koma ndinkapalasa masiku ochepa kuposa mmene ndimachitira tsopano pa 11.

Pali njira ziwiri zochokera kunyumba kwanga kukafika kuntchito. Yachidule ndi ya makilomita 9.5, koma imatsata msewu waukulu wodzaza ndi magalimoto onyamula katundu amene amadutsa pafupi kwambiri moti mphepo yake imagwedeza handulo. Inayo, ya makilomita 11 ija, imazungulira m'misewu ing'onoing'ono. Ndinasankha yaitaliyo ndipo sindinong'oneza bondo, chifukwa kilomita imodzi ya mantha imatopetsa kuposa makilomita atatu a mtendere. Mizinda imene inazindikira zimenezi ndi imene anthu ake amapalasa mitunda yotalikirapo. Ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, anakonza maloboti a m'misewu ina kuti munthu wopalasa makilomita 20 pa ola azipeza getsi lobiriwira lokhalokha, ndipo mu 2012 anatsegula msewu woyamba mwa misewu ikuluikulu ya njinga yolumikiza mzindawo ndi madera ozungulira, wopita ku Albertslund. Msewu wotere sufupikitsa mtunda, koma umachotsa kuimaima ndi mantha, zimene ndi zomwe zimachititsa munthu kunena kuti kuntchito n'kutali.

Palinso chinthu china chimene munthu wa makilomita 3 sachiganizira n'komwe. Tayala likamuphwera, amangotsika n'kumakankha njinga, ndipo pakatha mphindi 20 wafika. Ine linandiphwera tsiku lina madzulo ndili pakati penipeni pa ulendo, mvula ikuwaza, ndilibe pampu, ndilibe chigamba. Kutsogolo kunali makilomita 5.5, kumbuyo chimodzimodzi, ndipo ndinakankha njingayo kwa nthawi yoposa ola. Kuyambira pamenepo chubu chapadera, pampu yaing'ono ndi zomatira sizichoka m'chikwama changa. Mtunda ukamatalika, katundu nayenso amachuluka: nyali yakutsogolo ndi yakumbuyo, chifukwa ulendo wautali umakumana ndi mdima, chovala cha mvula, chifukwa mitambo ikhoza kusintha muli m'njira, ndiponso tcheni ndi mabuleki zimatha msanga kwa munthu wa makilomita 5,000 pa chaka. Walira mvula walira matope.

Amene amakhala kutali kwambiri ali ndi njira ziwiri zimene ndaona zikuthandiza. Yoyamba ndi njinga ya batire. M'mayiko a European Union, njinga yotere imatengedwa ngati njinga wamba ngati mota yake siipitirira mawati 250, imathandiza pokhapokha munthu akupalasa, ndipo imasiya kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola. Pa liwiro limenelo theka la ola limakwanitsa makilomita oposa 12, ndipo phindu lake lalikulu lili pa chitunda ndi pa mphepo, pamene njinga wamba imataya nthawi yambiri. Ena mwa okonda njinga amainyoza, amati n'chinyengo. Ine sindigwirizana nawo, popeza kupita kuntchito si mpikisano, ndipo munthu amene batire lamuthandiza kupalasa masiku asanu wachita zambiri kuposa amene wapalasa tsiku limodzi ndi miyendo yokha. Njira yachiwiri ndi kuphatikiza njinga ndi sitima kapena basi. Pa siteshoni yaikulu ya sitima mumzinda wa Utrecht, ku Netherlands, pali malo oimikapo njinga pafupifupi 12,500, amene anamalizidwa mu 2019, ndipo ambiri mwa eni njingazo amangopalasa kagawo kochepa ka ulendo wawo, kwinako sitima n'kumalizitsa.

Za thanzi ndinenapo pang'ono chabe, popeza zimanenedwa kawirikawiri. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi zapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Munthu wopalasa mphindi 15 kupita ndi 15 kubwera kwa masiku asanu wakwanitsa kale 150, ndipo umenewo ndi mtunda wa makilomita 4 okha mbali imodzi. Kafukufuku wa akatswiri a University of Glasgow amene anasindikizidwa mu 2017 m'magazini ya zachipatala ya BMJ, wokhudza anthu oposa 260,000 a ku Britain, anapeza kuti opita kuntchito pa njinga ankadwala khansa ndi matenda a mtima mocheperapo poyerekeza ndi opita pa galimoto kapena pa basi. Mphindi zanga 450 pa sabata n'zopitirira muyeso umenewu, ndipo sindinamizira kuti ndimazipalasa chifukwa cha thanzi; ndimazipalasa chifukwa nyumba ili pamene ili, ndipo ntchito ili pamene ili.

Mwezi wathawu mnzanga wina wa mu ofesi, amene amakhala makilomita 17 kuchokera kuntchito, anandifunsa ngati angakwanitse. Anali atayesa kale Lamlungu m'mawa, misewu ili yopanda magalimoto, atagona bwino, ndipo anabwera ali wokondwa kuti anangotha mphindi 50. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, Lamlungu limanama. Mukayese Lachinayi madzulo, mutaweruka mochedwa, chikwama chili kumsana." Ndinamulangizanso kuti asayambe ndi kupita ndi kubwera tsiku limodzi: apalase m'mawa, njinga aigoneke ku ofesi, abwerere pa basi, mawa lake abwere pa basi n'kupalasa madzulo. Anachita zimenezo kwa masabata atatu. Ulendo wake woyamba wa Lachinayi madzulo unamutengera ola limodzi ndi mphindi 15, mphepo ili kumaso, ndipo Lachisanu m'mawa anafika pa basi akuyenda motsimphina pang'ono. Pakali pano amapalasa kupita ndi kubwera Lolemba ndi Lachitatu, ndipo dzulo ndinamupeza pa nthawi yopuma akuyang'ana njinga za batire pa kompyuta yake, akuwerengera ngati batire limodzi lingakwanitse makilomita 34 popanda kutchaja masana.