Njinga zathu tinazikonzera zitunda

Bizinesi yathu inayamba ngati malo okonzera njinga. Kubwereketsa njinga zothamanga, zija zamatayala owonda ndi handulo yopindikira pansi, kunabwera pambuyo pake, ndipo kenako tinayamba kuperekeza magulu a anthu ofuna kupalasa m'misewu yakumidzi yodutsa m'zitunda. Chinatitsogolera ndi njinga zomwe zinkabwera kudzakonzedwa. Zambiri zinkadwala mofanana: tcheni chodyeka msanga, mabuleki otha, chubu choboka malo awiri oyandikana. Eni ake ankadandaula mawondo komanso kubanika pachitunda. Gwero lake linali limodzi, njinga yopangidwira mpikisano pamsewu wosalala ikugwira ntchito pamsewu wokwera ndi kutsika tsiku lonse. Choncho njinga iliyonse ikalowa m'gulu la zobwereketsa, timayamba taisintha kuti igwirizane ndi zitunda.

Timayambira pa magiya, ndipo apa sitinyengerera. Njinga zambiri zampikisano zakale zili ndi magiya awiri kutsogolo, ya mano 53 ndi ya mano 39, ndipo giya yaikulu yakumbuyo ili ndi mano 25. Pa giya yofewa kwambiri ya njinga yotero, mukazunguza mapedulo kamodzi njinga imayenda pafupifupi mamita 3.3. Tiyerekeze kuti muli pachitunda cha 8 peresenti, chomwe chimakwera mamita 8 pa mamita 100 alionse, ndipo mukuyenda makilomita 8 pa ola. Miyendo izizungulira maulendo 40 okha pa mphindi, phazi lililonse likukankha mwamphamvu, ndipo katundu yenseyo akugwera pa bondo. Ife timaika mano 50 ndi 34 kutsogolo, kumbuyo kuyambira 11 mpaka 34. Mano 34 kutsogolo akakumana ndi 34 kumbuyo, kuzunguza kamodzi ndi mamita 2.1, ndipo pa liwiro lomwe lija miyendo imazungulira maulendo oposa 60. Chitunda n'chomwecho, munthu ndi yemweyo, koma amafika pamwamba akutha kulankhula.

Kusintha kumeneku kuli ndi msampha wake. Giya yaikulu kumbuyo imafuna chosinthira magiya chamkono wautali, imafunanso tcheni chachitali. Timayeza chonchi: tcheni chizungulire giya yaikulu yakutsogolo ndi yaikulu yakumbuyo popanda kudutsa mu chosinthira, kenako timawonjezera mfundo ziwiri. Chikafupika, tsiku lina munthu wotopa adzalowetsa magiya aakulu onse awiri nthawi imodzi ndipo chosinthira chidzathyoka.

Matayala athu ndi a mamilimita 28 kapena 32 m'lifupi, osati 23 monga ankakondera kale. Misewu yakumidzi imakhala ndi phula lokhakhala, ming'alu, maenje ndi timiyala. Kwa munthu wolemera makilogalamu 70, tayala la 28 timapopa pafupifupi psi 70 mpaka 75 (psi ndi muyezo wa mphamvu ya mpweya), la 32 psi 55 mpaka 60, ndipo lakutsogolo limachepera pang'ono chifukwa thupi limalemera kwambiri kumbuyo. Anthu ambiri amaganiza kuti tayala louma gwa ndilo lothamanga, koma pamsewu wokhakhala limangodumphadumpha, kutopetsa manja ndi kuterereka pokhota. Mpweya ukachepa kwambiri ndiye vuto lina: mukagunda m'mphepete mwa dzenje, chubu chimapanika pakati pa limu ndi msewu n'kubooka tiziboo tiwiri toyandikana ngati polumidwa ndi njoka. Mukaona tiziboo totero musafunefune minga, vuto ndi mpweya. Boo likakhala limodzi, pitsani chala pang'onopang'ono mkati mwa tayala lonse musanaike chubu china, chifukwa minga yotsalira iphwetsanso chatsopanocho. Povala tayala timalunjikitsa dzina lolembedwa pambali pake ndi valavu, kuti malo a boo pa chubu atiuze pofufuza pa tayala. Musanagule tayala lalikulu, onani ngati pakutsala mpata wa mamilimita 4 mbali zonse pakati pa tayala ndi fulemu, apo ayi matope adzakhula fulemuyo.

Kasitomala sachoka asanayezedwe chishalo. Timayeza kutalika kwa mwendo mkati, kuchokera pansi mpaka mphechepeche, n'kuchulukitsa ndi 0.883. Mwendo wa masentimita 80 umapereka pafupifupi masentimita 71, kuchokera pakati pomwe mapedulo amazungulira mpaka pamwamba pa chishalo. Chiwerengerochi ndi poyambira chabe. Bondo likamawawa kutsogolo, kawirikawiri chishalo chatsika. Chiuno chikamagwedezeka uku ndi uku kapena kuseri kwa bondo kukamakoka, chishalo chakwera. Timasuntha mamilimita 3 mpaka 5 basi nthawi imodzi.

Polengeza ulendo timatchula ziwerengero ziwiri, kutalika kwa njira ndi mamita onse okwera. Makilomita 40 okhala ndi mamita 600 okwera angathe kumutopetsa munthu kuposa makilomita 60 pamalo athyathyathya, ndipo amene wauzidwa kutalika kokha amabwera ndi madzi ochepa. Timawerengera botolo limodzi la mamililita 500 mpaka 750 pa ola, ndipo ulendo ukapitirira maola awiri munthu azidya pang'onopang'ono njala isanamugwire. Woperekeza mmodzi amakhala patsogolo, wina kumbuyo kwenikweni ndi zida. Gulu limabalalika pachitunda chilichonse, n'chifukwa chake timadikirana titapitirira pamwamba pang'ono ndipo titatuluka mumsewu, chifukwa pansonga penipeni woyendetsa galimoto saona zomwe zili kuseri.

Zitunda zotsatizana zimapusitsa. Chilichonse chimaoneka chachifupi, munthu n'kuchithamangira ndi mphamvu zonse, ndipo pofika chachisanu miyendo yauma. Timaphunzitsa kulowa chitunda ndi liwiro lochokera kotsika, kusintha giya miyendo isanaleme, ndi kufewetsa phazi kamphindi pamene tcheni chikusamuka. Kusintha giya mutaimirira n'kumakankha mwamphamvu ndiko kumadula tcheni ndi kupinda mano. Giya yakutsogolo isinthidwe kumunsi kwa chitunda, chifukwa pakati pa chitunda imakana kapena kugwetsa tcheni.

Kotsika ndiko timaopa kwambiri. Madzi a mvula amakokolola mchenga n'kuusiya kumunsi, pomwe liwiro lakula ndipo nthawi zambiri pali mlatho wopapatiza kapena pokhota. Ziweto nazo sizichenjeza. Manja akhale kumunsi kwa handulo komwe zala zimagwira bwino mabuleki, thupi libwerere kumbuyo pang'ono, liwiro lichepetsedwe musanalowe pokhota, pedulo yakunja ikhale pansi. Buleki yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga kwambiri, choncho igwiridwe mosatsomphola osati kuithawa. Potsika patali musakoke mabuleki osalekeza, chifukwa limu kapena disiki (kachitsulo kozungulira pakati pa gudumu komwe mabuleki ena amagwira) imatentha n'kuchepetsa mphamvu yoimitsa. Gwirani ndi kusiya mosinthasintha.

Ndalama zambiri za bizinesi ngati yathu zimathera pa zitsulo zodyeka, ndipo fumbi ndilo limazidya. Tcheni timachipukuta njinga ikangobwerako, timadontheza oilo pa mfundo iliyonse n'kupukutanso wotsala kunja, chifukwa oilo wochuluka amasonkhanitsa fumbi n'kuyamba kupera. Timachiyeza ndi kachida koyezera kutalikira: pa njinga ya magiya 11 kumbuyo timasintha chikatalika ndi 0.5 peresenti, pa ya magiya ochepa 0.75. Mukachedwa, tcheni chotalikacho chimadya mano a magiya, ndipo chatsopano chimayamba kudumpha pachitunda, ndiye mugula zonse. Mapadi a mabuleki a disiki timachotsa akatsala osakwana milimita imodzi, ndipo madisiki a kampani ya Shimano amasinthidwa akapyapyala kufika mamilimita 1.5. Mabawuti a handulo amamangidwa pa mlingo wolembedwa pachitsulopo, kawirikawiri pafupifupi 5 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvu yomangira bawuti), ndi sipanala yoyeza mphamvu, osati mongoganizira.

Pali kachitsulo kena komwe ambiri sakayang'ana, kolumikiza chosinthira magiya ku fulemu. Njinga ikagwa kumanja kapena kugonekedwa mbali ya tcheni, kachitsuloka kamapindikira mkati. Pamsewu wathyathyathya simuzindikira kanthu. Koma pachitunda, mukalowetsa giya yaikulu yakumbuyo, chosinthira chimakodwa m'masipoko n'kuwononga gudumu lonse. N'chifukwa chake njinga iliyonse ikabwerako timaima kumbuyo kwake n'kuona ngati chosinthira chalunjika pansi, timayesa sikuluwu yolembedwa L yomwe imaletsa tcheni kupitirira giya yaikulu, ndipo timasunga tizitsulo tapadera ta mtundu uliwonse wa fulemu, chifukwa sitifanana. Njinga yomwe yalephera poyesedwa imatsala pamalo okonzera, ndipo kasitomala timamupatsa ina ya msinkhu womwewo imene timasungira zoterezi.