Mtsogoleri wa pa njinga akanidwa

Usiku wathawu tikusewera Dungeons & Dragons, masewera omwe aliyense amayerekeza kukhala munthu wa m'nthano, mnzathu wina anati akufuna akhale mtsogoleri wa asilikali woyendera njinga ya olumala. Woyendetsa masewero anakana, ati asilikali sangamvere munthu wosatha kuimirira. Ine mtima unangoti myuu.

Abale inu, m'masewera momwe tikukwera zinjoka zouluka, akufa n'kumadzuka ndi matsenga, chovuta kukhulupirira chikhale njinga? Pulezidenti Franklin Roosevelt uja anatsogolera America pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ali pa njinga, anthu anamusankha kanayi konse. Nelson, mtsogoleri wa asilikali a pamadzi a ku Britain, anapambana nkhondo ya panyanja ya ku Trafalgar mu 1805 ali ndi mkono umodzi. Woyendetsa uja akanati m'matope njinga ivuta, tiponye madayisi tione, ndikanamva. Koma kumukaniza utsogoleri wonse? Ayi ndithu.

Loweruka likubwerali woyendetsa ndine, ndipo mtsogoleriyo alowa ndi njinga yake.