Buku la OB ndi foni ya m'thumba

Lolemba kupolisi kwathu kunabwera mayi wina wa ku Malindi m'boma la Mangochi, wa geni ya usipa. Munthu anamuimbira kuti watumiza ndalama pa nambala yake molakwitsa, chonde abweze. Uthenga unalipodi, koma wolemba yekha wakubayo. Mayiyo anabweza, mpamba wonse n'kupita.

A Sajeni, omwe analowa ntchito ine ndili kupulayimale, analemba zonse mu OB (Occurrence Book), buku lomwe apolisife timalembamo zochitika zonse. Ine ndinajambula uthengawo ndi foni yanga. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi: "Iwe, foni yakoyo ikagwera mu Shire, umboniwo ukautenga kuti?"

Achinyamatafe timakonda kunena kuti akuluakulu amaopa kompyuta. Ine sindiona choncho. Iwo aimapo m'khoti kambirimbiri, ndipo amadziwa kuti pepala losainidwa loya sangalikane wamba. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limalola mauthenga a pafoni kukhala umboni, inde, koma uyenera kuonetsa kuti uthengawo sunasinthidwe. Kalembera wa masimukhadi wa 2018 anathandiza, ngakhale akamberembere amalembetsa ndi ziphaso za eni ake osadziwa kanthu. Ndipo kampani ya mafoni siingakuuze mwini nambala popanda chilolezo cha khoti. Zonsezo zimayambira papepala.

Lachitatu magetsi anazima tsiku lonse. Masitetimenti tinalemba pamanja, kaboni pansi, a Sajeni akungomwetulira.

Lachinayi zinatembenuka. Wakabaza wina anaberedwa njinga yamoto m'mawa. Njinga zotere zikangodutsa pa chipata cha Chiponde n'kulowa ku Mandimba m'dziko la Mozambique, basi iwalani. Ndinaponya chithunzi chake ndi nambala pagulu lathu la WhatsApp, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo anzathu a kumtunda kwa Namwera anali ataigwira. Kudikira kalata, ikanapezeka itapentedwa kale mtundu wina. A Sajeni anangoti, "Zagwira," kenako n'kundituma ndikalembe mu OB nthawi imene uthenga unapita.

Chimene sitichikamba pamisonkhano ndi ichi: foniyo ndi yanga, bandulo ndagula ndekha, ndipo zithunzi za milandu zili pamodzi ndi za ana anga. Ndikasamutsidwa kupita ku Makanjira mawa, zipita nane. Mnzanga wina anakana kutumiza zithunzi Lachisanu, ati bandulo yake ndi ya banja lake. Sindinamutsutse.